Chimbudzi ndi Mwala wa Bambo Thurstan

Tchalitchi chathu cha ku Sawbeck chili ndi mabelu, chili ndi limba, chili ndi mawindo amene alendo amachokera kutali kudzangowayang'ana kukamwa kuli yasa, koma chimbudzi chilibe. Amene anachimanga kalekalelo kaya anali ndi zikhodzodzo zachitsulo, ine sindidziwa. Ife a masiku ano tikapanikizika timawoloka msewu kupita ku bala ya a Pilkington, n'kugulako kapaketi ka mtedza kuti tisaoneke ngati tangobwerera zimenezo.

Ine ndine Hilda Entwistle, mayi wa tiyi. Kukhale maliro, ubatizo kapena msonkhano, tipoti imakhala m'manja mwanga, ndipo wina asayerekeze kuigwira. Amuna anga, a Wilfred, ankaimba besi m'kwaya kuyambira tisanadziwane. Ndinayamba kukonda mawuwo, mwini wake ndinadzamuona pambuyo. Nkhope inali yosiyana kwambiri ndi mawu, makutu ngati zogwirira za poto, koma nanga n'kutani, ndinali nditagwa kale.

Chaka chatha madokotala anawachita opaleshoni ya vuto lija limagwira amuna akamakula, ndipo kuyambira pamenepo madzi sawachedwa m'thupi. Tsiku la Pasaka ulaliki unatalika. A kwaya amakhala kutsogolo kwenikweni, moyang'anizana ndi mpingo wonse. Ndinawaona a Wilfred akuluma mlomo, kenako anadzuka ndi mkanjo wawo n'kudutsa pakati pa mabenchi onse aja mpaka kukhomo. Ku bala sanakafike. Ndinawapeza ataima pachipata, nsapato zitanyowa, akuyang'ana pansi.

Palibe amene ananenapo kanthu, ngakhale mmodzi. A Wilfred anachapa okha mkanjo uja, anausita, n'kukaubweza kwa mkulu wa kwaya. Lamlungu lililonse ankangonditula pachipata ndi galimoto n'kubwerera kunyumba. Munthu woti waimba moyo wake wonse anangoti zii ngati wailesi yotha mabatire. Zinandipweteka, abale, ndipo ine chinthu chikandipweteka sindilira, ndimasaka woti ndilimbane naye. Ndinalumbira kuti amuna anga adzaimbanso m'tchalitchi chimenechi, ndipo chimbudzi chimangidwa, wina afune asafune.

Pulambala anabwera, anagogodagogoda makoma, n'kunena kuti malo amene mapaipi angafike ndi amodzi okha, pakona yakumbuyo, chakumpoto. Mwa makona onse a tchalitchi chimenechi, anasankha kona imene pali mwala wa Bambo Thurstan.

Bambo Thurstan anali mkulu wa amonke a m'nyumba ija inasanduka mabwinja kutsidya kwa mtsinje. Anakana kupereka nyumbayo kwa mfumu ina yakalekale imene inkasintha akazi ngati malaya, ndipo anawanyonga ndi chingwe pakhomo pawo pomwe, anthu awo akuonerera. Mwalawo ndi wautali ngati chitseko, wogona pansi. Anasemapo mtanda ndi chikho, koma dzina palibe. Akuti ndi wawo. Ukafunsa kuti akutero ndani, aliyense amaloza mnzake. Malemu apongozi anga ankati iwo ali mwana mwalawo unali panja, anthu ankapukutirapo matope a kunsapato.

Koma zimenezo osazinena pamaso pa a Cedric Ormerod. A Cedric ndi mlonda wa mwalawo, udindo umene anadzipatsa okha atapuma ntchito ku positi ofesi. Amausesa ndi kaburashi, amauikira maluwa, ndipo nthawi ya mapemphero sakhala pa benchi ngati anzawo, amakhala pampando wawowawo pambali pa mwalawo ngati munthu wodikirira matenda. Atamva za chimbudzi anachita ngati ndawatukwanira mayi awo.

"Mayi Entwistle, munthu anafera chikhulupiriro chake, inu mukufuna kumuikira chimbudzi pamutu?"

"Wanena za pamutu ndani? Mwalawo tiusuntha, tikauimike pakhoma. Akazolowera a Thurstan anuwo."

"Sasuntha."

"Munaona ndi maso anu kuti ali pansipo? Mwina ndi wansembe wamba amene anafa ndi chimfine."

"Ndati sasuntha."

Anakanitsitsa kwamtuwagalu. Mayi woimba limba, Maureen Tattersall, anakhala mbali yawo n'kukokeranso ena a mu komiti. Ine ndi Maureen sitimwerana madzi chiyambire tsiku limene ananena pagulu kuti keke yanga ndi yoyenera kutsekera chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Ndikanati ine ndikufuna kuti mwalawo ukhale, iye akanabwera ndi khasu kudzaukumba yekha.

Wansembe wathu, Mayi Ashworth, ndi munthu wabwino koma amaopa mkangano ngati moto. Anati nkhaniyo ipite ku komiti, tikakumane m'tchalitchi momwemo kuti aliyense aone malowo, kenako tikweze manja. Atatero analakwitsa chinthu chimodzi. Anandifunsa ine, monga wa tiyi, tsiku limene ndingakhale ndi mpata.

"Lolemba masana, abusa," ndinatero, nkhope ili bwinobwino.

Lolemba a Pilkington satsegula bala.

Linali tsiku lozizira, kamvula kakuwaza. Ndinakonza buledi woika nyama ya nkhumba pakati, ija ya mchere wambiri, n'kutulutsa chiketulo chachikulu chimene timagwiritsa ntchito pamaliro a anthu otchuka. A Wilfred anandinyamulira mpaka pakhomo la tchalitchi n'kuchitula pansi.

"Simulowa, bambo?"

"Ndikudikirani m'galimoto," anatero, nyuzipepala ili kukhwapa.

Munthu wa ku Sawbeck angakane mlandu, angakane ngakhale m'bale wake, koma kapu ya tiyi sakana. Kukana tiyi wa munthu n'chimodzimodzi kumuuza kuti m'nyumba mwake ndi mwauve. Komanso munthu yemweyo angalole kufera pampando kusiyana n'kuimirira pagulu kunena kumene akufuna kupita. Zinthu ziwiri zimenezi ndinabadwa ndikuzidziwa, koma ndinali ndisanaziphatikizepo pamodzi.

Kapu yoyamba inatsika msanga chifukwa cha chisanu. Buledi uja anayitanitsa yachiwiri. Yachitatu sindinafunse n'komwe, ndinkangodzadza kapu iliyonse ikangotsika pang'ono.

"Ayi, Hilda, ine ndakwana," anatero Maureen, dzanja lili pamwamba pa kapu.

"Bwanji, waipa tiyi wanga? Wafanana ndi keke ija?"

Anachotsa dzanja. Ndinathira mpaka m'milomo.

A Cedric anaimirira pafupi ndi mwala wawo n'kuyamba mbiri. Anayambira pa tsiku limene Bambo Thurstan anabadwa. Nthawi zina akamalankhula zimenezi ine ndimakhala ndikuganiza za chakudya chamadzulo, koma tsiku limenelo ndinali mwana wasukulu wanzeru kuposa onse. Akati afike kumapeto, ine dzanja m'mwamba.

"Pepani a Cedric, sindinamvetse bwino. Amonkewo madzi akumwa ankatunga kuti? Kumtsinje kuja kapena pa kasupe?"

Anafotokoza za kasupe, za ngalande imene amonke anakumba, za mmene madzi ankayendera usana ndi usiku osaphwa. Kunja kamvula kanali katalimbikira, ndipo padenga panali podontha, madzi akugwera m'ndowa imene timaika kuseri kwa limba, tho, tho, tho. Ine ndinkakweza tipoti m'mwamba pothira, kuti tiyi azitsika pang'onopang'ono, akulira m'kapu. Mulungu andikhululukire, ndinkamva kukoma.

Woyamba kusanjikiza miyendo anali msungichuma. Kenako mlembi anayamba kugwedeza phazi ngati akupalasa makina osokera. Abusa, amene amati akamamvetsera munthu amapendeketsa mutu mwachifundo, mutu unali utawongoka, maso ali pa wotchi. Maureen ndiye anali atafiira mpaka m'makutu, akukhala ndi tako limodzi.

"Mwina tifupikitse," anatero abusa ndi timawu tating'ono.

"Iii abusa, nkhani yaikulu chonchi? Munthu anafera chikhulupiriro ameneyu. A Cedric, za tsiku lonyongedwalo simunatiuze. Akuti kunagwa chimvula?"

Msungichuma anabuula. Mlembi anadzuka, anati akukaona ngati anazimitsa magetsi a galimoto, ndipo tonse tinamuona pawindo akuwoloka msewu mothamanga, n'kukakankha chitseko cha bala. Anaima pamenepo kanthawi, kenako anabwerera akuyenda timapazi tating'onoting'ono, n'kudzakhala pansi mosamala ngati wanyamula mazira.

"Magetsi ali bwino?" ndinafunsa.

"Ali bwino," anayankha mano ali gwa.

Nthawi yokweza manja itakwana, abusa sanamalize n'komwe funso. "Amene akufuna kuti chimbu..." Manja onse m'mwamba. Dzanja la Maureen ndi limene linatsogola, ndipo akanakhala ndi lachitatu akanakwezanso.

"Amene sakufuna?"

A Cedric okha. Anakweza dzanja pang'onopang'ono, nkhope itachita phulusa. Anayang'ana mwala wawo, anatiyang'ana ife. Kenako anazungulira kuseri kwa chipilala, ndipo ndinaona akutsegula kachitseko kakang'ono kamene kali pakona pomwepo, kamene ine ndinkayesa kuti kanachita dzimbiri kalekale. Kanatseguka osalira n'komwe, iwo n'kutuluka.

Panatsala nkhani ya maluwa a Pasaka ndi pemphero lotsekera. Ine sindinadikire. Ndinatenga tipoti ngati ndikukataya masamba, koma cholinga chinali kukawauza amuna anga kuti nkhondo yatha, tawina. M'galimoto munalibe munthu, nyuzipepala yokha ili pampando. Ndinazungulira tchalitchi kudutsa m'manda, ndipo nditafika chakumpoto, pamene pali chimtengo chakale chija nthambi zake zimafika pansi, ndinamva mawu. Ndinasuzumira. Madoda awiri anali ataima moyandikana, atandipatsa msana, aliyense akuyang'ana tsinde la mtengo ngati pali zolemba. Ndinabwerera msanga n'kubisala kuseri kwa chiliza.

"Mwawina, a Wilf," anatero a Cedric.

"Ine sindinapikisane ndi munthu."

"Akazi anu aja ndi mfiti. Tiyi uja anachita kukonzekera."

"Ndakhala nawo zaka zambiri, simukundiuza zachilendo."

Kunamveka kaphokoso ka madzi pa masamba ouma, kakuduka, kakuyambanso. A Cedric anapumira m'mwamba.

"Ine vuto lanuli linandiyamba kale, inu musanaganize n'komwe," anatero. "Mumayesa ndimakhala pakona paja chifukwa chokonda Bambo Thurstan? Kuwakonda ndimawakonda, koma kachitseko kaja ndimakakonda koposa. Ulaliki ukafika pakati, ndimawerama ngati ndikukonza maluwa, n'kutsetsereka. Ndimathira mafuta m'mahinjesi mwezi ndi mwezi. Palibe anandionapo. Anthu amangoti a Ormerod ndi munthu wopemphera, amagwada nthawi yaitali."

A Wilfred anaseka. Ndinali ndisanamve kuseka kumeneko chichitikire za pa Pasaka zija.

"Musaseke, akulu. Pulambala akuti kachitsekoko atsekapo ndi njerwa. Ndiye taganizani. Udzuke pakati pa ulaliki, aliyense akudziwa kumene ukupita. Ulowe, utseke, kachitsulo kalire kuti khethe. Ndiye ugejemule. M'tchalitchi muja, mmene mumabwezera mawu! Munthu akangotsokomola kumbuyo zimamveka mpaka kuguwa. Kenako utuluke, Maureen akukuwerengera kuti lero wapita kangati."

"Ine sindidzalowamo," anatero a Wilfred. "Ngakhale atandikoka ndi chingwe."

"Mwawauza akazi anu?"

"Inu munayesapo kuwauza kanthu a Hilda?"

Ha! Mawu amenewo anandilasa pamtima. Tipoti inatsala pang'ono kugwa. Chaka chathunthu ndikumenya nkhondo, kudana ndi theka la mudzi, kumwetsa anthu osalakwa tiyi wa pamaliro, osawafunsa eni ake ngakhale kamodzi kuti kodi bambo, mukufuna chiyani. Ndinapsa mtima, koma woti ndimupsere mtima panalibe, kupatula mayi amene ananyamula tipotiyo.

"Akuchitira ine," anapitiriza a Wilfred motsitsa mawu. "Ndingawauze bwanji? Akamalimbana ndi anthu ndiye kuti akulira, ndi mmene alili."

Kenako amuna anga anafunsa, "Koma nanga Bambo Thurstanwo, alimodi pansi paja?"

"Kaya. Ine sindinasuzumirepo." Ndinamva zipi ikutsekedwa. "Pakona paja pakanakwana mipando iwiri, mukudziwa. Mawu anu aja safuna kutsogolo, amamveka ngakhale muli kumanda kuno. Ndinaganizapo zokuuzani, koma nkhani ngati imeneyi munthu umayamba bwanji? Basi, zapita. Njerwa zikubwera."

Sindinamve zotsalazo. Ndinathamanga, ine amene dokotala anandiletsa kuthamanga, kudumpha manda a anthu, mpaka pakhomo lalikulu. Ndinafika abusa akunena Amen wachangu kuposa onse amene ndinawamvapo. Anthu anali atanyamuka kale, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinakoka katebulo ka matayala kamene ndimayendetsera makapu n'kukaimika pakhomo mopingasa, ine kumbuyo kwake.

"Ndasintha maganizo," ndinatero.

"Hilda, tapatuka," anatero Maureen.

"Mwalawo usasunthe. Ndaganiza bwino, a Cedric akunena zoona. Munthu woyera ngati uja tingamusokoneze tulo chifukwa cha mapaipi? Tikwezenso manja."

"Mayi Entwistle, chonde," anatero abusa, mawondo ataphatikizana. "Nkhaniyi tingaibweretse mwezi wamawa."

"Mwezi wamawa njerwa zidzakhala zitafika. Koma ngati mukufuna tikambirane mofatsa, palibe vuto, tikhale pansi. M'ketulomu tiyi akadalimo wambiri. Ndiyambire pa ubwana wa Bambo Thurstan?"

"Amene akufuna kuti mwala ukhale!" anakuwa abusa.

Manja m'mwamba, onse. Msungichuma anakweza awiri.

"Mlembi walemba?"

"Ndalemba, ndalemba, mayi inu, tachotsani chimenechi!"

"Nanga chimbudzi?" anafunsa abusa, mwina chifukwa cha chikumbumtima.

"Chikamangidwe panja, kuseri kwa mpanda, kumene kulibe makutu. Pulambala akatalikitse mapaipi, ndi ntchito yake."

Ndinakankhira katebulo pambali. Sindinaonepo anthu okalamba akutuluka m'tchalitchi mwa liwiro lotero. Maureen podutsa anandinong'oneza mawu amene sindingawabwereze, ndipo kunena zoona anali oyenera.

M'galimoto a Wilfred anali atabwerera pa nyuzipepala yawo.

"Zayenda bwanji?"

"Taluza," ndinatero. "A Ormerod aja ndi ouma mutu. Mwala sukusuntha."

"Pepani," anatero, maso ali pa tsamba la mpira. Makutu aja anali atafiira.

Sabata yonse nkhaniyo sitinaikhudze. Loweruka madzulo ndinawapeza akupolisha nsapato zakutchalitchi pakhomo lakukhitchini.

"A Cedric akuti msana ukuwavuta," anatero osandiyang'ana. "Akufuna munthu wowathandiza kuyang'anira mwala uja. Kusesa, maluwa, zoterozo."

"Oo? Inu ndi za miyala munayamba liti?"

"Ndi munthu wofunika uja, a Hilda. Anafera chikhulupiriro."

"Akuti," ndinatero.

"Ee, akuti."

Lamlungu galimoto sinabwerere kunyumba. Anaiimika pansi pa mpanda, tinalowa limodzi, ine n'kupita pa benchi yanga yachitatu, iwo n'kukhotera kukona kumene kunali mipando iwiri. Maureen anayamba nyimbo yoyamba mokwiya, akumenya limba ngati ndi ine. Ndime yoyamba inadutsa, kumbuyo kuli zii. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndime yachiwiri itayamba, ndinamva chinthu chikuchokera pansi, chikukwera m'miyendo ya benchi mpaka m'nthiti. Besi ija. Inali yadzimbiri pang'ono, koma inali yomweyo. Anyamata a kwaya anatukula mitu kufunafuna kumene ikuchokera. Ndinalira, ine Hilda Entwistle, mpaka mayi wa pambali panga anandipatsa kampango.

Ulaliki unali wautali, wonena za kuleza mtima, ndipo ndikukhulupirira kuti abusa anaukonzera ine. Nyimbo yomaliza itayamba, besi inalipo, ndi kamawu kena kowonda ka a Cedric kakuitsatira pambuyo mophonyaphonya.

Potuluka kunali kadzuwa. A Wilfred ananditsegulira chitseko cha galimoto, zimene anasiya kalekale. Paphewa la jekete lawo panali timasamba ta mtengo uja. Ndinatisansa ngati ndikusansa fumbi.

"Abusa alalika bwino lero," anatero.

"Munaumva wonse ulalikiwo?"

"Wonse. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Inenso ndinaona choncho," ndinatero, n'kuwagwira dzanja. "Tiyeni tikamwe tiyi, bambo. Kakapu kamodzi kokha."